Kuchokera pa chikho cha mchape kufika pa chipatala cha Ndunde

M'miyezi yoyambirira ya chaka cha 1995, msewu wa ku Liwonde udadzaza mabasi, malole ndi njinga. Anthu ankalowera kumudzi wa Chikamana m'boma la Machinga, komwe bambo wina wachikulire, a Billy Goodson Chisupe, ankamwetsa anthu madzi ofiirira a makungwa a mtengo. Iwo ankanena kuti adauzidwa kumaloto kuti mtengowo ndiwo mankhwala a Edzi: wodwala achira, ndipo yemwe alibe kachilombo atetezedwa. Ofufuza omwe adalemba za nkhaniyi amati anthu pafupifupi 300,000 adafika pamudzipo m'miyezi yowerengeka chabe. Adachokera m'zigawo zonse zitatu, olemera ndi osauka, ophunzira ndi osaphunzira. Anthu adatcha madziwo mchape, dzina lomwe lidatchuka kale m'zaka za m'ma 1930 pomwe kudabwera anthu omwetsa mankhwala othana ndi ufiti. M'mabanja ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi Balaka mudakali akuluakulu omwe amakumbukira bwino za ulendo umenewu.

Sitingawaseke anthu amenewo. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi adadziwika mu 1985, ndipo patatha zaka 10 maliro adali atachuluka m'midzi ndi m'matauni momwe. Kuchipatala kudalibe chilichonse chofooketsa kachilomboka. Njira yophatikiza mankhwala atatu idalengezedwa mu 1996 pamsonkhano wa ku Vancouver m'dziko la Canada, ndipo mtengo wake udali woposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pachaka. Mlimi wa chimanga kapena msodzi wa usipa sakadaulota n'komwe. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chomwe chidali chotsegula nthawi imeneyo chidali cha ku Chikamana.

A Chisupe sankalipiritsa anthu ndalama, ndipo zikuoneka kuti iwo eni ankakhulupirira maloto awo ndi mtima wonse. Ngakhale zidali choncho, mchape sudachotse kachilombo m'thupi la munthu aliyense. Chiwerengero cha odwala chidapitirira kukwera, ndipo omwe adabwerako ali ndi chiyembekezo adapitirira kudwala ndi kumwalira monga anzawo omwe sadapiteko. Phunziro loyamba ndi limeneli: munthu akhoza kukhala woona mtima, wachifundo ndi wosakonda ndalama, koma mankhwala ake osagwira ntchito.

Zomwe zidayambira ku Chiradzulu

Patatha zaka 6 chichitikireni izi, kudayamba ntchito ina yomwe sidamveke kwambiri. Mu Ogasiti 2001, bungwe la Médecins Sans Frontières, lomwe timalidziwa ndi dzina loti MSF, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, lidayamba kupereka ma ARV kwaulere pachipatala cha boma cha Chiradzulu. Panthawiyo akatswiri ena kunja ankakayika ngati anthu a kumudzi angathe kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku mosadumphitsa. Kuyambira 2003, ntchitoyi idatuluka pachipatala chachikulu n'kupita kuzipatala zazing'ono 10 za m'bomalo, kuti wodwala asamawononge tsiku lonse ndi ndalama za ulendo. Chipatala cha Ndunde ndi chimodzi mwa zipatala zimenezi, pamodzi ndi zina monga Namitambo, Namadzi ndi Mbulumbuzi. Anamwino adaphunzitsidwa kuyambitsa odwala mankhwala, ntchito yomwe poyamba inkadikira dokotala. Mu 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse ndi thandizo la Global Fund.

Zotsatira zake zidayezedwa, sizidali zongomva. Kafukufuku yemwe adachitika m'makomo a anthu ku Chiradzulu mu 2013 adapeza kuti akuluakulu 17 mwa 100 alionse adali ndi kachilombo, koma mwa omwe ankamwa mankhwala, pafupifupi 9 mwa 10 alionse kachilomboko kadali katafookeratu m'magazi. Lero ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku, la gulu la dolutegravir lomwe lidayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, ndipo omwe akupeza bwino amatha kulandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi. Pa Ndunde sipabwera malole odzaza anthu. Pali mzere wa m'mawa, buku la kuchipatala, sikelo ndi namwino wotopa. Koma m'boma limeneli muli anthu omwe adayamba mankhwala zaka zoposa 20 zapitazo, omwe adaphunzitsa ana awo mpaka kumaliza sukulu, ndipo lero akulera zidzukulu.

Apa ndipo pagona kusiyana kwa 1995 ndi lero. Yemwe adamwa mchape adataya ndalama ya basi ndi chiyembekezo chake, pakuti padalibe china choti asiye. Yemwe akugula botolo la wogulitsa wosadziwika lero nthawi zambiri amauzidwa kuti asiye mapiritsi omwe akumusunga, kapena achedwetse ulendo wake wa kuchipatala kufikira botolo litatha. Nthawi zina zomwe zili m'botolomo n'zoopsa pazokha. Koma chomwe chimapha anthu ambiri ndi mankhwala omwe asiyidwa ndi masiku omwe atayika.

Kachilombo kamagona, sikafa

Ma ARV amaletsa kachilombo kuswana m'magazi. Sakachotsa konse, chifukwa kamabisala m'kati mwa maselo ena a thupi momwe mankhwala sangakafikire. Munthu akasiya kumwa, kachilomboko kamadzuka, ndipo mwa anthu ambiri kamaonekeranso m'magazi pakangotha masabata ochepa. Chonyenga n'chakuti munthuyo amakhala akumva bwino kwa miyezi ingapo, nthawi zina chaka, pamene chitetezo chake chikutsika mwakachetechete. Kenako pamabwera chifuwa chachikulu cha TB, matenda oumitsa khosi, kutsekula m'mimba kosatha. Ambiri omwe amafika kuchipatala ali kwakayakaya masiku ano ndi omwe adayambapo mankhwala n'kuwasiya. Kumwa modumphadumpha kumapatsanso kachilombo mpata wosiya kumva mankhwala, ndipo mkazi kapena mwamuna wa munthuyo, ngakhalenso mwana woyamwa, amakhala pachiopsezo chomwe chidali chitachoka.

Pali chinyengo china chomwe tiyenera kuchimvetsa bwino, chifukwa chasocheretsa ngakhale anthu ophunzira. Munthu yemwe akumwa ma ARV mokhulupirika akayezedwa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, zotsatira zimatha kubwera zoti sikakuoneka. Imeneyi ndi ntchito ya ma ARV, ndipo ndicho cholinga chake. Tsono wogulitsa zitsamba amamwetsa munthu wotereyu mankhwala ake kwa sabata ziwiri, n'kumutumiza kukayezetsa. Pepala likabwera loti kachilombo sikakuoneka, wogulitsayo amalikweza m'mwamba ngati umboni wa mphamvu zake, pamene akukolola m'munda womwe sadalime. Zimachitikanso mwa apo ndi apo kuti kachipangizo koyezera mwachangu kamalephera kuonetsa kachilombo mwa munthu yemwe wakhala pa mankhwala zaka zambiri. N'chifukwa chake achipatala salangiza munthu yemwe ali kale pa ma ARV kuti azikayezetsanso ndi kachipangizo kotere pofuna kuona ngati wachira.

Chinyengochi chidafika pakhomo pathu penipeni. M'zaka zaposachedwapa, bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe limadziwika kuti PMRA, pamodzi ndi National AIDS Commission adachenjeza anthu za jekeseni wotchedwa Gammora, yemwe ankatsatsidwa pa TikTok ndi masamba ena a mchezo kuti amachiza HIV. Zidapezeka kuti ogulitsa ankamata mapepala atsopano pa timabotolo ta gentamicin, ndipo khoti ku Mangochi lidapeza ena olakwa pa mlanduwu. Gentamicin ndi mankhwala enieni othana ndi mabakiteriya, koma alibe mphamvu iliyonse pa HIV, ndipo akabayidwa mosayeza amawononga impso ndi makutu. Lamulo la HIV ndi Edzi lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kufalitsa nkhani zabodza zokhudza matendawa. Koma lamulo limagwira munthu pamene ena adagula kale, ndipo chindapusa sichibwezeretsa impso.

Mayiko ena adadutsamo

Nkhani ya ku Gambia, dziko lomwe anthu ake ambiri ndi Asilamu, iyenera kutikhudza mwapadera. Mu Januwale 2007, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Yahya Jammeh, adalengeza kuti akhoza kuchiza Edzi ndi zitsamba zake zachinsinsi. Odwala ankapita nawo kunyumba ya boma ku Banjul, komwe iye, atavala zoyera, Qur'an ndi tasbihi zili m'manja, ankawapaka ndi kuwamwetsa mankhwalawo makamera akujambula. Lamulo lake lidali loti asiye ma ARV. Nthumwi ya United Nations m'dzikolo, Fadzai Gwaradzimba, itakayikira poyera za chithandizochi idathamangitsidwa. Jammeh atachoka pampando mu 2017, opulumuka adayamba kulankhula: atatu adakamusumira kukhoti mu 2018, ndipo bungwe lofufuza zoona lomwe boma latsopano lidakhazikitsa lidamva umboni wa omwe adataya abale awo m'chithandizocho. Zizindikiro za chipembedzo zidagwiritsidwa ntchito kutseka pakamwa anthu omwe akadafunsa mafunso.

Ku Tanzania mu 2011, m'busa wopuma wa mpingo wa Lutheran, Ambilikile Mwasapile, adakoka anthu miyandamiyanda kumudzi wa Samunge kufupi ndi Loliondo. Chikho chimodzi cha mizu yowiritsa, cha mashilingi 500, ankati chimachiza Edzi, shuga, khansa ndi kuthamanga kwa magazi. Mzere wa magalimoto udatalika makilomita ambiri, odwala ena adatulutsidwa m'zipatala ndi abale awo n'kukafera panjira. Ku South Africa, komwe ana athu ambiri amapita kukafuna ntchito, Matthias Rath wa ku Germany ankagawa mavitamini ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town uku akunyoza ma ARV kuti ndi poizoni, kufikira khoti lidamuletsa mu 2008. Chaka chomwecho ofufuza a yunivesite ya Harvard adawerengera kuti kuchedwa kwa boma la Thabo Mbeki kupereka ma ARV kudatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005.

Anthu amenewa adali osiyana: mlimi wa ku Machinga, mtsogoleri wa dziko, m'busa, ndi munthu yemwe adaphunziradi udokotala. Chomwe chimawalumikiza n'chakuti aliyense adalonjeza kuchiza zomwe sadathe kuonetsa umboni wake, ndipo adafuna kuti anthu akhulupirire iye mwini m'malo moyeza mankhwala ake. Mkanjo, kolala ya ubusa kapena chovala choyera cha dokotala sizisintha zomwe zili m'chikho.

Matenda ena omwe sadikira

Tingalakwitse kuganiza kuti nkhaniyi ndi ya anthu omwe ali ndi HIV okha. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga zachuluka m'mabanja mwathu, ndipo matenda awiriwa ndi osavuta kunamizirapo chifukwa nthawi zambiri samveka kupweteka. Mayi yemwe wasiya mapiritsi a BP n'kuyamba kumwa ufa wa m'kapepala amadzimva chimodzimodzi dzulo ndi lero, motero amachitira umboni kwa anzake kuti wachira. Mitsempha ya mu ubongo ndi impso ndizo zimalipira, kufikira m'mawa wina mkono ndi mwendo zitafa. Wodwala shuga yemwe amadzibaya insulin akasiya akhoza kukomoka m'masiku ochepa. Kachilonda ka paphazi komwe kamatidwa zitsamba kwa mwezi kamathera pa kudulidwa mwendo. Impso zikafa, makina osefera magazi m'zipatala za boma ali m'malo ochepa monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo odikira ndi ambiri.

Khansa ya khomo la chiberekero ndi chitsanzo chowawa kwambiri cha kutayika kwa nthawi. Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe ali patsogolo padziko lonse pa khansa imeneyi: chiwerengero cha 2020 chidaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Chikhalirecho, ikapezeka isanakhwime imathetsedwa mosavuta. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, malo odwala amayera, ndipo amawotchedwa ndi kachipangizo m'mphindi zochepa, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Mu 2018, MSF idayamba kuthandiza ntchito yoyeza ndi kuchiza khansayi ku Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo katemera wa HPV wa atsikana adayamba m'dziko lonse mu 2019. Mayi yemwe akutaya magazi atasiya kale kusamba, kapena akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, akapatsidwa mankhwala oika kumaliseche n'kuuzidwa kuti adikire miyezi itatu, amafika kuchipatala nthenda itadutsa pomwe opaleshoni ikadathandiza.

Kwa ana ndi amayi oyembekezera, nthawi imawerengedwa m'maola. Mwana yemwe watentha thupi n'kuyamba kukomoka kawirikawiri amakhala ndi malungo aakulu, ndipo usiku umodzi wofukiza ndi kutema mphini ukhoza kukhala womaliza, pamene kuyeza malungo kumatenga mphindi 20 zokha. Mliri wa kolera womwe udayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kusautsa kwambiri Mangochi udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo munthu wa kolera amatha madzi m'thupi dzuwa lisanalowe ngati sadapatsidwe Thanzi kapena diripi. Azamba a m'zipatala akhala akudandaula za mankhwala a zitsamba ofulumizitsa matenda a uchembere, monga omwe amatchedwa mwanamphepo. Muyezo wake sudziwika, ndipo chiberekero chikakoka mopitirira njira isanatseguke chimatha kung'ambika, mayi ndi mwana n'kutayika limodzi. Nako kukodza magazi, komwe ena kunyanja amakuona ngati chizindikiro cha kukula kwa mnyamata, ndi likodzo, lomwe limachizika ndi mapiritsi a praziquantel koma likalekereredwa limawononga chikhodzodzo ndi impso.

Wogulitsa wamasiku ano sakhala m'kachisi wa udzu nthawi zonse. Amakwera nafe basi ndi chikwama cha timabotolo, amalankhula pawailesi, amatumiza mauthenga pa WhatsApp. Ena amakhala ndi kompyuta ndi kachitsulo kogwiritsa m'manja komwe amati kamaunika thupi lonse m'mphindi imodzi. Palibe makina otere omwe angapeze khansa, shuga ndi matenda a chiwindi pongogwira chikhatho. Mndandanda wa matenda womwe umatulukawo umathera pa mankhwala omwe ali pashelefu ya mwini makinawo. Ngakhale zowonjezera zooneka zosalakwa zili ndi msampha wake: mapiritsi ndi maufa okhala ndi calcium, iron kapena magnesium amatha kumanga dolutegravir m'mimba kuti asalowe bwino m'magazi, n'chifukwa chake kamwedwe kake kamafunika malangizo a kuchipatala. Ndipo lezala limodzi lotemera mphini anthu angapo limanyamula HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo.

Mitengo ilibe mlandu

Tikamanena zonsezi sitikunyoza nzeru za makolo kapena mitengo ya m'tchire. Kwinini, yemwe adapulumutsa anthu ku malungo kwa zaka mazana, adachokera ku makungwa a mtengo wa ku South America. Mankhwala a LA omwe ana athu amamwa, omwe boma lidawavomereza mu 2007, mbali yake imodzi idachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi yemwe adatsogolera ntchito yochifufuza, Tu Youyou, adalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Chomwe chidasandutsa zitsambazi kukhala mankhwala odalirika ndi kuyezedwa: kudziwa chomwe chikugwira ntchito m'kati mwake, muyezo woyenera mwana wa makilogalamu 10 ndi wa bambo wa makilogalamu 70, ndi kuyerekeza mazana a odwala omwe amwa ndi omwe sadamwe. Muzu wokumbidwa m'dzinja ndi wokumbidwa m'chilimwe sukhala ndi mphamvu zofanana, ndipo chiwindi ndi impso ndizo zimasenza kusiyanako.

Alipo asing'anga omwe amadziwa malire a ntchito yawo. M'zaka za m'ma 1990, madokotala a maso ku Chikwawa adapeza kuti mankhwala ena othira m'maso ankawononga galasi la diso mpaka kuchititsa khungu. M'malo mokangana ndi asing'anga adakhala nawo pansi n'kuwaphunzitsa, ndipo ambiri adayamba kutumiza kuchipatala odwala ng'ala ndi zilonda za m'maso. Sing'anga wotere, yemwe amauza munthu wotsokomola sabata ziwiri kuti akayezetse makhololo, yemwe salola mayi woyembekezera kugona pakhomo pake, ndi bwenzi la mudzi. Woopsa ndi uja yemwe alibe nthenda yomwe amaikana.

Tiyeneranso kuvomereza zomwe zimathamangitsira anthu kwa ogulitsawa. Munthu amayenda mtunda wautali, n'kudikira theka la tsiku, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha akagule yekha. Nthawi zina amalankhulidwa mwaukali pamaso pa anthu. Wogulitsa zitsamba amamupatsa mpando, amamvetsera mpaka kumapeto, amatchula dzina la vuto lake ndi kumulonjeza tsiku lochira. Chipatala chimati mudzamwa moyo wanu wonse, iye amati masiku 21 basi. Pali ena omwe amaopa kuonedwa pamzere wa ma ARV ndi anansi awo, makamaka abambo, ndiye botolo lobisika m'thumba limaoneka ngati njira yosunga ulemu. Madandaulo amenewa ndi oona, ndipo tili ndi ufulu wowatengera ku komiti ya chipatala, kwa mafumu, kwa makhansala ndi kwa aphungu athu. Kuthawa chipatala chifukwa cha mkwiyo kumalanga wodwala yekhayo, pamene wolakwayo ali phee.

Udindo wa banja

Kwathu kuno munthu sadwala yekha ndipo sasankha yekha kopita. Amalume, apongozi, azakhali ndi mwana yemwe amatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg onse amakhala ndi mawu. Kawirikawiri botolo limalowa m'nyumba kudzera mwa wachibale wachikondi yemwe adamva kuti lidathandiza uje. Choncho banja lonse liyenera kugwirizana pa mafunso ofunsa ndalama isanatuluke. Kodi munthuyu akuuza wodwala wathu kuti asiye kapena ayambe waimika mankhwala a kuchipatala? Ngati ndi choncho, nkhani ithere pomwepo. Kodi botolo limodzi likuchiza matenda ambirimbiri osagwirizana? Kodi akukana kunena zomwe zili m'katimo, kapena akuletsa kuti achipatala adziwe? Kodi yemwe wapeza nthendayo ndi yemwenso akugulitsa mankhwala ake? Ngati akudzitcha dokotala ndipo akubaya jekeseni, chiphaso chake cha Medical Council of Malawi chili kuti? Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo lowalembetsa, ndipo mankhwala ogulitsidwa ndi kutsatsidwa m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi PMRA. Kufunsa si mwano. Safunsa adadya phula.

Umboni wa anthu ochira nawo tiziumva mosamala. Matenda ambiri, monga chimfine, kupweteka kwa msana ndi zilonda zazing'ono, amatha okha kapena amabwera n'kupita, ndipo chilichonse chomwe munthu adamwa tsiku lomaliza ndicho chimatamandidwa. Pawailesi timamva okhawo omwe adakali moyo. Omwe adamwa botolo lomwelo n'kumwalira palibe amawaitana kudzalankhula, ndipo abale awo amangoti inali nthawi yawo.

Pali zinthu zingapo zomwe tingachite kuyambira sabata ino. Yemwe akumwa zitsamba zilizonse pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala anene poyera kwa namwino, ndipo ngati n'kotheka atenge botololo akalionetse. Msodzi yemwe akusamukira kudoko lina kwa miyezi ingapo, kapena mnyamata yemwe akupita ku Joni, ayambe wapita kuchipatala kukapempha mankhwala okwanira ndi kalata yosamutsira, ndipo buku lake la kuchipatala lisasiyane naye. Mayi woyembekezera yemwe amakhala kutali apite kuchidikiro nthawi ikadalipo. Yemwe adasiya kale ma ARV, mapiritsi a BP kapena a TB abwerere msanga, ngakhale patapita chaka, pakuti zipatala zimalandiranso obwerera, kuwayeza ndi kuwayambitsanso. Manyazi a tsiku limodzi pamaso pa namwino ndi opepuka poyerekeza ndi zomwe zikudikira.

Atsogoleri athu m'mizikiti ndi m'midzi ali ndi gawo lalikulu, chifukwa ndiwo amaitanidwa munthu akadwala ndipo mawu awo amalemera kuposa a mlangizi wa zaumoyo. Kuyendera wodwala, kumupempherera ndi kumulimbitsa mtima sikulimbana ndi piritsi, ndipo mlendo yemwe wafika kudzazonda angathe kufunsa mwaulemu ngati mankhwala a lero amwedwa. Zomwe anthu a ku Ndunde ndi midzi yozungulira adaonetsa kuyambira 2003 n'zoti munthu wa kumudzi, akapatsidwa mankhwala oyezedwa pafupi ndi kwawo ndipo banja lake likamuchirikiza, amawamwa mokhulupirika ndipo amakhala ndi moyo. Mankhwala omwewo akupezeka ku Monkey Bay, ku Makanjira, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Wina akabwera ndi botolo n'kunena kuti tiwasiye, pakhale munthu mmodzi m'banjamo wolimba mtima kumuuza kuti tiyamba tafunsa kuchipatala.